Mutu 6: Kaufa ka Nambala 312

1. Kasipuni

Ntchito yanga ndi kutsuka. Ndimatsuka mabotolo, timachubu ndi timbale tagalasi mu labu ya mankhwala ya pa yunivesite, ndipo chaka chino ndi chakhumi ndi chinayi. Chilichonse chimalowa m'madzi a sopo, kenaka katatu m'madzi a pampopi, katatu m'madzi osefa. Pofika madzulo zala zimakhala zitachita makwinya ngati za nkhalamba. Sindidandaula. Zala zomwezi zalera ana awiri.

Lachisanu lija ndinafika sikisi koloko monga mwa masiku onse. Nditatsegula dirowa ya timasipuni tachitsulo totapira mankhwala, ndinapeza kamodzi katagona chopingasa. Ndinakatembenuza. Kumaso kunali waliwali, koma kumbuyo kunali kaufa koyera kataumira m'mphepete.

Pa dziko lino pali munthu mmodzi yekha amene amatsuka sipuni kumaso kokha. Ndinamubereka ndine. Ndakhala ndikumukalipira za zimenezi chiyambireni kufikira pa sinki.

Vuto linali lakuti mtsikana wangayo alibe chochita mu labu muno. Ali m'chaka chomaliza, ndipo ntchito yake ili m'chipinda cha pamwamba, cha makompyuta. Kumeneko kulibe ufa, kulibe sipuni. Makiyi a pansi pano ali ndi anthu atatu: mayi Profesa, mdala wosamala mankhwala amene ophunzira amamutchula kuti a Sikelo, ndi ine. Wanga amakhala m'chikwama. Dzulo lake masana, a Sikelo atapita kokadya, chikwamacho ndinasiyira mwana wanga kuti andisungire pamene ndinaitanidwa ku ofesi ya antchito.

2. Zimene amachita pamwamba

Zimene amachita pamwambapo ndimazidziwa, chifukwa watiimbira nyimbo yomweyo pakhomo miyezi isanu. Akuti mu ubongo muli tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi kamphako. Mankhwala akakhala bwino m'kamphakomo, mtima wa munthu wankhawa umatsika.

Ndiye iwo ali ndi chithunzi cha kamphakoko pa kompyuta, komanso zithunzi za mankhwala zikwi zinayi amene palibe munthu anamwapo. Ambiri mwa iwo sanapangidwe n'komwe, angojambulidwa. Kompyuta imatenga amodziamodzi, kuwatembenuza uku ndi uku, kuyesa kuwalowetsa, n'kupereka malikisi.

Amene anaposa onse anali nambala 312. Ngakhale dzina alibe. Mayi Profesa anauza a pansi pano kuti apange pang'ono, ndipo anavutika nawo milungu itatu. Mabotolo ake ndinatsuka ndine. Ankanunkha ngati penti. Mapeto ake kunatuluka kaufa kosadzaza ndi chivundikiro cha botolo chomwe, ndipo kanaikidwa mu firiji kudikira kuyesedwa.

Tsono kunyumba kwanga kuli munthu wankhawa. Ndi mwana wanga wamkulu, mchimwene wake wa mtsikanayu. Anali mmisiri womanga nyumba. Tsiku lina thabwa limene anaimapo ndi mnzake linathyoka pa nsanjika yachitatu. Mnzakeyo anagwa. Iye anatsala lendelende pa chitsulo mpaka anabwera kudzamutsitsa.

Sanavulale pena paliponse. Sabata yoyamba tinapita naye ku chipatala pa galimoto ya aneba, ndipo anamupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti azibwera kudzacheza ndi mlangizi. Mapiritsi anamwa masiku asanu, n'kuwasiya, akuti sakugwira, chikhalirecho adokotala anali atanena kuti amatenga milungu. Kwa mlangizi sanapiteko, poti kumeneko ndi kunja kwa geti. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano sanadutsenso getilo. Akangoliyandikira mtima umathamanga, thukuta kamukamu, mpweya kubanika.

Ndinakulunga kasipuni kaja mu tishu n'kupitiriza kutsuka. Eyiti itakwana ndinakwera masitepe.

3. Teni koloko

Chipinda cha makompyuta chimazizira ngati firiji, ndipo chimalira ng'uu tsiku lonse. Mtsikana wanga ndinamupeza pa kona yake, atavala jekete yake yabuluu, akuyang'ana chinthu chopotanapotana chikuzungulira pa sikirini. Anzake awiri anali kumapeto, pafupi ndi zenera.

Ndinaika kasipuni pa kiyibodi.

"Kaufa kali kuti?"

Anayamba ndi kukana. Akuti sakudziwa chimene ndikunena, akuti timasipuni timagwiridwa ndi anthu ambiri. Ndinangokatembenuza kuti aone kumbuyo. Dzanja lake linapita lokha pa thumba la jekete.

"Amayi, musayambe pano. Anthu akumva."

"Amve. Ukufuna kupatsa ndani?"

Apo ndiye anatsegula pakamwa, monong'ona koma mwaukali. Anati mapiritsi aja achimwene anawakana, iye anawayesanso pa kompyuta ndipo 312 anawasiya kutali. Anati wabwereza katatu, malikisi osasintha. Anati sanali wopusa kuti angomupatsa chipatsirepatsire. Amafuna awerengetsere kaye kulemera kwa thupi lake, mawa Loweruka amupatse kochepa chabe.

"Inu mumachoka pakhomo faifi koloko," anatero. "Amene amawapeza atakhala pansi ku bafa, akunjenjemera, ndine. Mayi Profesa akuti mankhwala amatenga zaka khumi kuti afike kwa anthu. Achimwene adikire zaka khumi kuseri kwa geti? Inu mwachitapo chiyani, kupatula kuwakalipira kuti adye?"

Ndinamuuza kuti apereke kaufako. Anakana.

"Inu mumatsuka mabotolo, amayi. Zam'kati mwake simuzidziwa."

Anzake aja anadzuka mwakachetechete n'kutuluka. Anachita bwino.

"Zoona, ndimatsuka," ndinatero. "Ndiye undiyankhe, mwana wa sukulu. N'chifukwa chiyani ndimavala magolovesi awiriawiri potsuka botolo lopanda kanthu? N'chifukwa chiyani madzi oyamba sinditaya mu sinki, ndimathira m'chigubu chofiira chija amadzatenga ndi galimoto? Amene anapanga kaufako sanakakhudze ndi chala. Anatseka mphuno, anatseka maso. Anthu a madigiri atatu akukaopa, iwe wa digiri yosapsa ukufuna ukakaike pa lilime la mwana wanga. Unaba kiyi m'chikwama cha amako. Unalowa pamene suloledwa. Ndipo ngakhale kuba sukutha, wasiya sipuni yakuda. Tamvera tsono. Teni koloko a Sikelo amamwa tiyi. Ikakwana teni usanatsike, ndikanena ndekha, ndipo ndikanena kuti kiyi anali wanga. Atichotse tonse."

"Mungapereke mwana wanu?"

"Ndili ndi ana awiri. Ndikufuna Lamulungu lindipeze nawo onse."

Ndinatsika. Ndinatsuka mabotolo makumi atatu, ndipo limodzi ndinaswa, koyamba m'zaka zinayi.

4. A Sikelo

A Sikelo ndi mdala wamfupi wadazi, magalasi ake amalendewera pa chingwe. Ophunzira amati ngakhale shuga wa mu tiyi amayamba wamuyeza. Anali atangothira madzi mu kapu pamene chitseko chinatseguka. Kunali kutatsala mphindi zisanu kuti teni ikwane.

Mtsikana wanga sanandiyang'ane. Anapita molunjika pa tebulo lawo, n'kuika kachubu kapulasitiki kotalika ngati chala chaching'ono. Ananena yekha zonse: kuti anatapa mu botolo la 312, kuti kiyi anatenga ine osadziwa, kuti amafuna akapatse mchimwene wake. Sanadumphe kanthu.

A Sikelo anavala magalasi, anavala magolovesi, n'kukankhira kapu ya tiyi kutali.

"Khala pansi, mwanawe," anatero. "Ine kompyuta sindidana nayo. Kale tinkapanga mankhwala mazana awiri kuti tipeze amodzi oyenera kuwayang'ana kachiwiri. Lero inu pamwambapo mumatisankhira asanu. Mwatipulumutsa misana. Koma udziwe chimene makina akowo akuuza. Akuuza kuti phazi lalowa mu nsapato, basi. Sanayende nayo. Sakudziwa ngati m'kati muli msomali.

"Kompyuta yako yaona kamphako kamodzi ka mu ubongo, nakonso pa chithunzi. Kodi thupi la mchimwene wako ndi kamphako kamodzi? Kaufa aka kasanafike kumutu kadutsa m'mimba. Kadutsa m'chiwindi, ndipo chiwindi chimaphwanya mankhwala n'kutulutsa china chimene palibe anachijambula. Kadutsa mu mtima, umenenso uli ndi timphako take. Mwina ku ubongoko sikafika n'komwe, kangowononga panjira.

"Usanabwere iwe tinali ndi ena, nambala 88, amalikisi okongola kuposa awa. Tinasangalala nawo muno ngati tabereka mwana. Titawathira pa maselo amene timaweta m'timbale, kutacha onse anali atafa. Amenewo anali maselo, tinatsuka mbale n'kuyambanso. Munthu satsukidwa.

"Chinanso, kaufa aka sitinamalize kukayeretsa. Muli zotsalira za zimene tinaphikira, zomwe zija amayi akowa amatsuka atavala magolovesi awiriawiri. Ndipo ukuti ukanawerengetsera muyezo. Kuyambira pati? Palibe khoswe, palibe ntchentche imene inalawapo kuti tidziwe kuti kochepa ndi kati, kochuluka ndi kati. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma ujayo anadya yekha. Iwe umafuna kudyetsa mnzako."

Mtsikana wanga anali atazyolika, maso ali pa simenti. Ine ndinapitiriza kutsuka.

Kenaka a Sikelo anamufunsa kuti anatapa kochuluka bwanji. Anati mamiligalamu makumi asanu ndi limodzi, anayeza pa sikelo yawo yomweyo. A Sikelo anaguguza pakhosi atamva kuti sikelo yawo inagwiridwa. Anayeza kachubu kena kofanana kopanda kanthu, kenaka anaika kake kaja, n'kutseka kachitseko kagalasi ka sikeloyo. Tonse tinadikira manambala kuti aime.

Anaima pa makumi atatu ndi mphambu zinayi.

Anachotsa, anapukuta, anayezanso. Chimodzimodzi.

"Sikelo yangayi sinama," anatero. "Pafupifupi theka palibe."

Mwana wanga analumbira kuti chitsekereni dzulo sanatsegulenso. Zotsalira pa kasipuni sizikanakwana zimenezo. Ndinatseka mpopi.

"Jekete imeneyi inagona kuti?"

"Kuseri kwa chitseko cha pabalaza."

Pabalaza ndi pamene amagona mchimwene wake.

"Unamuonetsa?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Akuti anangomuonetsa kuti alimbe mtima, n'kumuuza kuti adikire Loweruka.

Ndinavula magolovesi. Kumuimbira foni kunali kutaya nthawi. Foni yake imakhala yothimitsa chifukwa ikalira amadzidzimuka. A Sikelo analemba msangamsanga pa kapepala zimene zili mu ufawo n'kundipatsa. Anati ngati wamwa tisadikire kuti tione, tisamusanzitse, tithamange naye ku chipatala ndipo pepalalo tikapereke kwa dokotala. Anatinso iwo sangabise, akukauza mayi Profesa nthawi yomweyo.

Ndinati kauzeni.

5. M'basi

Basi inaima pa siteji iliyonse. Inaimira mayi wa mabeseni, inaimira ana a sukulu, inaimira ngakhale munthu amene ankangokanda kumutu. Pa mphambano ya magetsi tinakhala mphindi zisanu chifukwa lole inali itafera pakati pa msewu.

Mwana wanga ankalira chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Anayesa kundigwira dzanja. Ndinalichotsa.

"Sunga misozi. Sitikudziwa ngati tiifuna."

Bambo wina amene anakhala kumbuyo kwathu anati mayi, mwana samulankhula choncho pagulu. Ndinamufunsa ngati anandithandiza kubereka. Anayang'ana pa zenera.

Titatsika ndinathamanga. Ndinali ndisanathamangepo zaka makumi awiri, ndipo maondo anandikumbutsa.

6. Kapu ya madzi

Mnyamata wanga tinamupeza kukhitchini, atakhala pansi, msana atatsamira kabati. Patsogolo pake panali kapu ya madzi yodzaza ndi kapepala kong'amba pa kalendala, kotsegula. Kaufa kanali pomwepo.

"Wamwa?"

Anapukusa mutu.

"Walawa? Wanyambita chala? Ndiyang'ane."

"Ayi, amayi."

Ndinakhala pa ndowa yovundikira.

Anati anatapa m'bandakucha, ife tisanadzuke, chifukwa Loweruka linamutalikira. Chichokereni ife wakhala pomwepo. Akati anyamule, amabwezanso pansi.

"Ndimaganiza kuti nanga ndikafa muno ndekha, adzandipeza ndani? Ngakhale mankhwala a mantha ndikuwaopa, amayi. Ndine munthu wanji ine?"

"Lero wanzeru m'nyumba muno ndiwe wekha."

Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikutukwana mantha a mwanayu. Tsiku limenelo sindinawatukwane. Ndinaveka dzanja jumbo, ndinapinda kapepalako, ndinakaika m'botolo lopanda kanthu n'kutseka zolimba. Pamene panali kapepalapo ndinakolopa kawiri.

Mlongo wake anagwada pakhomo la khitchini.

"Achimwene, ndinakunamizani. Si mankhwala amenewo. Ndi nambala imene yakhoza pa kompyuta basi. Palibe akudziwa chimene akanakuchitani."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Sindinamuonepo akuyang'ana mlongo wake choncho.

"Dzulo unati wandipezera. Unati Lolemba ndidzakhala ndikuyenda mumsewu. Ndinagona tulo koyamba chichokereni pa thabwa paja. Ndiye umafuna undiyese ngati khoswe?"

"Ndimafuna muchire."

"Choka pamaso panga."

Sanachoke, ndipo iye sanabwerezenso. Ine sindinalowererepo. Zina mwana ayenera kuzimva zikuwawa. Ndinangotsegula kabati, ndinatulutsa mapiritsi a ku chipatala aja ndi kakhadi ka mlangizi, n'kuziika pa tebulo.

"Awa anayesedwa," ndinatero. "Akuchedwa, koma anayesedwa. Sindikuti umwe lero, apita nthawi ali mu kabati. Ndikuti amene angakuuze chochita nawo dzina lake lili pa khadipo, osati pa sikirini ya mlongo wako."

7. Nsapato

Foni yanga inalira. Mnyamata wanga anadzidzimuka mpaka kugunda kapu, madzi n'kutayika. Anali a Sikelo. Nditawauza kuti sanamwe, ndinamva akupuma ngati atula katundu. Kenaka ananena zinazo.

Mayi Profesa amatifuna tonse awiri mu ofesi mwawo fili koloko tsiku lomwelo, pamodzi ndi mkulu wa dipatimenti. Ndibweretse ufa wotsalawo, ndibweretsenso kiyi. Anati iwo ayesetsa kunena kuti mwanayo anabwera yekha kudzaulula, koma sangalonjeze kanthu. Wophunzira wotulutsa mankhwala mu labu amachotsedwa, ndipo wantchito wotaya kiyi naye sasiyidwa.

Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti mtsikana wanga amalize sukulu. Ine zaka zinayi kuti ndipume pa ntchito.

Foni yanga imalankhula mokweza, ndiye onse anamva. Mtsikana anadzuka n'kukasamba kumaso osauzidwa. Ndinaika botolo lija m'chikwama, pafupi ndi kiyi.

"Nsapato zanga zili kuti?"

Ndinatembenuka. Mnyamata wanga anali ataimirira, atagwira kabati.

Ndinamuuza kuti akhale pansi, tili ndi mavuto okwanira kale. Anati ayi. Anati theka la ufawo anatapa ndi iye, ndipo anthu amenewo akalanga munthu asanaone chimene chinamuchititsa, alanga theka la nkhani. Mlongo wake atatuluka ku bafa n'kuyamba kuthokoza, anamudula.

"Sindikupitira iwe. Ndikupitira amayi."

Nsapatozo zinali pansi pa sofa, pamene anazivulira tsiku la ngozi lija, simenti itaumira ku zidendene. Anazigunditsa pansi, fumbi n'kutuluka. Kumanga zingwe kunamutengera nthawi. Palibe anamuthandiza. Asanaimirire anatenga kakhadi kaja pa tebulo n'kukaika m'thumba la malaya.

Kuchokera pakhomo pathu kukafika pa geti ndi mapazi khumi ndi awiri. Ndikudziwa chifukwa m'miyezi yonseyi sanapitirirepo asanu ndi atatu.

Ndinayang'ana wotchi. Inali wani koloko, ndipo basi imatenga ola.

"Ngati ukupita, tiye," ndinatero. "Ndilibe nthawi yonyengerera munthu."

Thukuta linali litayamba kale pamphumi pake. Anagwira chitseko n'kutsegula.